Malonda akhoza kukhala opatulika, koma dalitso si katundu wa pamsika

Mkangano wa mafuta ndi madzi odzozedwa sukuzirala. Ukatha pa wailesi umabukanso pa Facebook, ukachoka pamenepo umakapezeka m'minibasi ndi m'masiwa. Funso lake silisintha: kodi n'koyenera kuti pakhomo la tchalitchi pakhale tebulo la timabotolo ta mafuta, madzi, zibangili ndi zomata pagalimoto, chilichonse ndi mtengo wake, ndiponso kuti wofuna kuonana ndi mneneri payekha ayambe walipira? Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amakhala ndi kupemphera, nkhaniyi inafika ku bungwe loona za ufulu wa zipembedzo ndi zikhalidwe la CRL Rights Commission, ndipo mu 2017 linatulutsa lipoti lonena za kusandutsa chipembedzo kukhala bizinesi. Kuno kwathu timangokangana, aliyense ali ndi vesi lake m'manja. Ena mwa oikira kumbuyo mchitidwewu amatsamira pa Yesaya 23:18, pamene mneneri akunena kuti malonda a mzinda wa Turo adzakhala opatulikira Yehova. Amati ngati malonda a anthu osadziwa Mulungu akhoza kupatulika, nanga a m'nyumba ya Mulungu alekerenji?

Mbali imene ndaima ine ndi iyi. Baibulo silidana ndi malonda, ndipo limalemekeza wamalonda woona mtima kuposa mmene maulaliki athu ambiri amachitira. Koma Baibulo lomwelo lili ndi malire awiri osasuntha: munthu si katundu, ndipo mphatso ya Mulungu si katundu. Tebulo la mafuta odzozedwa limaponda malire onse awiri, chifukwa limaika mtengo pa chimene Mulungu amapereka ulere, komanso limaona munthu wovutika ngati msika. Vesi la Yesaya limene amaligwiritsa ntchito, mukaliwerenga mpaka kumapeto, limatsutsa tebulolo.

Tiyambe ndi mawu enieniwo, pakuti mkangano wonse wagona pa iwo. M'Chiheberi, liwu la pa Yesaya 23:18 ndi sachar, lomwe limatanthauza malonda komanso phindu lochokera m'malondamo, ndipo wamalonda ndi socher. Tsinde la mawuwa limanena za kuyendayenda, kuzungulira malo ndi malo, monga amachitira amayi athu okapikula katundu ku Tanzania kapena ku Joni. Liwuli palokha lilibe litsiro. Abrahamu pogula munda wa ku Makipela woti aikemo Sara anayeza masekeli a siliva 400, ndipo Genesis 23:16 imati anayeza pa muyeso wovomerezeka kwa amalonda, kusonyeza kuti muyeso wa socher ndi umene anthu ankaudalira. Pa Miyambo 3:14 nzeru ikuyamikiridwa m'chilankhulo cha pamsika, kuti sachar wake ndi woposa sachar wa siliva. Mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31, amene timakonda kumutchula pa maukwati ndi pa misonkhano ya amayi, ndi mayi wa geni: amafanizidwa ndi zombo za amalonda, amagula munda, amasoka nsalu n'kugulitsa, ndipo vesi 18 imati amaona kuti sachar wake ndi wabwino. Mutu womwewo umati amatambasulira dzanja lake aumphawi, ndipo umamaliza pomutcha woopa Yehova. Komabe liwu lomweli ndi limene likutchula anthu a ku Midiyani pa Genesis 37:28, pa tsiku limene Yosefe anagulitsidwa ndi ndalama zasiliva 20. Choncho liwulo silitsuka munthu ndipo silimudetsa. Chofunika kufunsa ndi chimene chikugulitsidwa, muyeso umene chikuyezedwera, ndi amene akudya phindulo.

Palibe malo amene zimenezi zikuoneka bwino kuposa pa Ezekieli 27 ndi 28, ndipo ndikanakonda alaliki akanamawerenga mitu imeneyi pamodzi ndi vesi la Yesaya lija, popeza yonse ikunena za mzinda umodzi. Turo unali mzinda wa Afoinike, m'dziko limene lero ndi Lebanon, ndipo mtima wake unali pachilumba. Unatchuka ndi zombo komanso utoto wofiirira wochokera ku nkhono za m'nyanja. Nebukadinezara anauzinga zaka 13, ndipo Alexander Wamkulu anaugonjetsa mu 332 BC atamanga msewu wa miyala wolumikiza chilumbacho ndi mtunda. Ezekieli akuujambula mzindawu ngati chombo chokongola chodzaza ndi katundu, ndipo akuwerenga katunduyo mmodzimmodzi: siliva, chitsulo ndi mtovu za ku Tarisi, akavalo ndi nyulu za ku Togarima, minyanga ya njovu ndi phingo, vinyo wa ku Heliboni, nkhosa ndi mbuzi za ku Arabiya, zonunkhira ndi golide za ku Seba. Yuda ndi Israyeli nawonso alimo, akubweretsa tirigu, uchi ndi mafuta. Mneneri sakunyoza chilichonse mwa izi, mpaka umamva ngati akusirira. Koma pakati pa mndandandawo, pa vesi 13, pali Yavani, Tubala ndi Meseki, amene ankabwera ndi miyoyo ya anthu ndi ziwiya zamkuwa. Anthu ndi miphika alembedwa pa mzere umodzi, ngati palibe chodabwitsa. Kwa ife amene agogo athu ankamangidwa magoli kuchokera ku Nkhotakota n'kuwolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa ndi Zanzibar pamodzi ndi minyanga, mzere umenewu sufunika wotimasulira. M'mutu wotsatirawo Ezekieli akugwiritsa ntchito liwu lina la malonda, rekhullah, ndipo akunena zinthu zitatu motsatana: malonda anachulukitsa chuma ndipo mtima unadzikuza, kuchuluka kwa malonda kunadzaza mzinda ndi chiwawa, ndipo pa 28:18, chinyengo cha malondawo chinadetsa malo ake opatulika. Ndiye kuti m'Baibulo njira ilipo mbali zonse ziwiri: malonda akhoza kupatulika, komanso malonda akhoza kudetsa kachisi.

Tsopano tibwere ku mfundo yoyamba ya anzathu, ya Yesaya 23:18. Tiwavomereze poyamba kuti vesili ndi lodabwitsa. Mawu akuti chopatulikira Yehova ndi omwewo amene ankazokotedwa pa golide wa pamphumi pa mkulu wa ansembe pa Eksodo 28:36, ndipo apa akuikidwa pa phindu la mzinda wachikunja umene mneneri wangoufanizira ndi mkazi wadama. Zoona, Mulungu akhoza kutenga chuma cha pamsika n'kuchiyesa chake. Koma vesilo silithera pamenepo. Limapitiriza kunena kuti phindulo silidzaunjikidwa kapena kusungidwa m'nkhokwe, koma lidzakhala la anthu okhala pamaso pa Yehova, kuti adye n'kukhuta ndiponso avale bwino. Tiyang'ane kumene chuma chikulowera. Chikuchoka kwa olemera a m'zombo n'kupita ku mbale ndi pathupi pa anthu a Mulungu. Pa tebulo la mafuta chuma chimayenda chobwerera: chimachoka kwa mayi amene wagulitsa mbuzi yake, kwa mnyamata amene watenga katapila, n'kukaunjikana pamalo amodzi. Chinanso, Turo ankagulitsa nsalu, matabwa ndi zitsulo, ndipo chimene chikupatulidwa ndi phindu la katundu wamba. Palibe pamene vesili likunena kuti chinthu chopatulika chisanduke katundu. Kupatula malonda ndi kugulitsa zopatulika ndi zinthu ziwiri zoyang'ana kosiyana, ndipo vesili likuchitira umboni choyambacho chokha.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba, ndipo siyenera kupeputsidwa. Amati mtumiki wa Mulungu nayenso ali ndi mimba, ali ndi ana a sukulu, holo ndi ya lendi, zimkuzamawu zimadya magetsi, ngakhale botololo ndi mafutawo zimachita kugulidwa. Amakumbutsa kuti Paulo pa 1 Akorinto 9 ananena kuti olalikira Uthenga Wabwino adye za Uthengawo, ndiponso kuti Sauli popita kwa Samueli kukafunsa za abulu otayika anadandaula kuti alibe choti amupatse munthu wa Mulungu, mpaka mnyamata wake anatulutsa kagawo ka sekeli. Zonsezi n'zoona, ndipo mpingo umene umasiya abusa ake akugona ndi njala uli ndi mlandu wake. Koma kusamala mtumiki n'kosiyana ndi kuika mtengo pa pemphero. Chopereka ndi chakhumi zimaperekedwa ndi mpingo wonse, wina zambiri wina zochepa, ndipo amene sanaponye kanthu m'mbale amapemphereredwa mofanana ndi amene waponya. Mtengo umagwira ntchito ina: umasankha wolowa ndi wotsala panja. Mika 3:11 akudzudzula zimenezi mosabisa, kuti ansembe akuphunzitsa chifukwa cha malipiro ndipo aneneri akulosera chifukwa cha ndalama, kwinaku akunena kuti Yehova ali pakati pawo. Ansembe amenewo anali kale ndi gawo lawo lovomerezeka m'Chilamulo. Chimene chinawapalamulitsa ndi kusandutsa mawu a Mulungu kukhala chinthu chogula. Namani wa ku Aramu atachira khate anali ndi matalente 10 a siliva, ndalama zagolide 6,000 ndi zovala 10, ndipo anaumiriza Elisa kuti alandire. Elisa anakana. Gehazi, mtumiki wa Elisa, anathamangira Namani n'kutengako matalente awiri ndi zovala ziwiri, ndipo khate linamukakamira iyeyo. Namani anali wolemera, sakanamva kupweteka, ndipo anapereka mokondwa. Ngakhale zinali choncho, mneneri sanafune kuti munthu wa ku Aramu abwerere kwawo akuganiza kuti Mulungu wa Israyeli amachiritsa pa mtengo wakutiwakuti.

Pali nkhani ina ya Elisa yemweyo imene kwa ine imamaliza mlanduwu, chifukwa muli mneneri, muli mafuta ozizwitsa, mulinso malonda. Pa 2 Mafumu 4, mkazi wamasiye wa mmodzi wa ana a aneneri akulira kuti wangongole akubwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Ana atsala pang'ono kusanduka katundu. Elisa akumufunsa chimene ali nacho m'nyumba, ndipo ali ndi kamtsuko ka mafuta basi. Akumuuza kuti abwereke ziwiya kwa anansi, atseke chitseko, athire. Ziwiya zonse zitadzaza, mneneri akumuuza kuti apite akagulitse mafutawo, abweze ngongole, ndipo iye ndi ana ake adye zotsalazo. Wogulitsa ndi wamasiye. Wogula akugula mafuta wamba ophikira ndi kuyatsira nyale, pa mtengo wa pamsika. Mneneri sanalowe n'komwe m'chipinda chija, ndipo sanatengepo kanthu. Chozizwitsa chinamupatsa mayiyo mpamba, chinamuchotsa m'ngongole. Ndikamva za anthu amene alowa m'ngongole kuti agule mafuta kwa mneneri, ndimaona nkhani yomweyi itatembenuzidwa chadodolido, ndipo zimandipweteka kuti zikuchitika m'dzina la Mulungu yemweyo.

Mfundo yachitatu imati palibe amene amakakamizidwa, anthu amagula mwakufuna kwawo, ndipo ambiri amachitira umboni kuti anathandizika. Amatchulanso Yakobo 5:14, pamene odwala akudzozedwa mafuta, ndi Machitidwe 19:12, pamene nsalu zokhudza thupi la Paulo zinkapita kwa odwala. Sindikutsutsa kudzoza odwala, ndipo si ine woyeza umboni wa munthu. Koma m'mavesi awiriwa mulibe mtengo. Yakobo akuti wodwala aitane akulu a mpingo, iwo abwere. Pamene ndalama zikulowa m'nkhani ya mphamvu ya Mzimu, pa Machitidwe 8, Petro akuuza Simoni wa ku Samariya kuti atayike pamodzi ndi siliva wake chifukwa anayesa kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe. Za ufulu wa wogulazo, tinene zoona. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene wakhala zaka pabanja wopanda mwana ndipo apongozi akumunena, bambo amene mwana wake akugwa khunyu, mtsikana amene wayenda ndi satifiketi yake m'maofesi onse osapeza ntchito, amenewa sakusankha ngati munthu wosankha chitenje. Wogula tomato amamuona, amamugwira, akapeza wowola amabweza. Wogula dalitso sangayeze chimene wagula, ndipo zikakanika amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, abwerenso ndi zambiri. Malonda amene wogulitsa sangaluze ndipo wogula sangadandaule, Chilamulo cha Mose sichikanawalola ngakhale pa tirigu. Zikufanana ndi munthu wopatsidwa chimanga cha thandizo kuti agawire mudzi pa nthawi ya njala, iye n'kutsegula sikelo. Anthu adzafola pamzere ndithu, ndipo ogulawo adzakhuta, koma chimangacho sichinali chake choti agulitse. Petro wachiwiri, mutu 2 vesi 3, anachenjezeratu za aphunzitsi amene chifukwa cha umbombo adzachita malonda ndi nkhosa zomwezo, ndipo mndandanda wa katundu wa Babulo pa Chivumbulutso 18 umathera pa matupi ndi miyoyo ya anthu, monga zinalili kwa Ezekieli.

Komabe pali anzathu ena a mbali inayo amene sindigwirizana nawonso, ndipo mfundo yawo ndi yachinayi. Iwo amati ndalama ndi zadziko, malonda onse ndi bodza, choncho pabwalo la tchalitchi pasapezeke ngakhale buku la nyimbo logulitsa, amayi a Mvano asaphike mandasi osonkhetsera ndalama za denga, ndipo Mkhristu weniweni asalowerere kwambiri mu geni. Amatchula Yesu akugubuduza matebulo pa Yohane 2 ndi Zekariya 14:21, pamene akuti tsiku limenelo m'nyumba ya Yehova simudzakhalanso Mkanani, liwu limene pa Miyambo 31:24 likutanthauza wamalonda. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma apitirira muyeso. Deuteronomo 14 inalola munthu wochokera kutali kusinthanitsa chakhumi chake ndi ndalama n'kukagula ng'ombe kapena nkhosa akafika ku malo opembedzera. Nehemiya 13, atapeza anthu a ku Turo akugulitsa nsomba mu Yerusalemu pa Sabata, anatseka zipata tsiku limenelo, sanathetse msika. Lidiya wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu zofiirira, ndi amene anatsegula nyumba yake kwa Paulo ku Filipi, ndipo Paulo mwiniwake ankasoka mahema. Zekariya uja, m'mavesi omwewo, akuti ngakhale mabelu a akavalo ndi miphika yonse ya mu Yerusalemu zidzakhala zopatulikira Yehova. Masomphenya ake ndi akuti chiyero chidzatulukira kunja n'kufika kukhitchini ndi pamsewu, moti sipadzafunikanso munthu woima pakati n'kumagulitsa njira yofikira kwa Mulungu. Buku la nyimbo lili ndi mtengo wodziwika, ndipo amene alibe amayang'ana la mnzake n'kuimba. Mandasi a amayi ndi mandasi, palibe amene akulonjeza kuti ukadya udzapeza mwamuna. Malire amadutsa pamene chogulitsidwacho ndi lonjezo lakuti Mulungu akuchitira kanthu.

Apa ndiyenera kutembenukira kwa ife amene timaloza chala aneneri, chifukwa ngati malonda akhoza kupatulika, ndiye kuti benchi la pamsika nalonso ndi malo a chipembedzo. Levitiko 19 imaika sikelo yolungama m'mutu womwewo umene umayamba ndi lamulo lakuti mukhale oyera, umenenso muli lamulo lokonda mnzako monga udzikondera wekha. Deuteronomo 25 imaletsa kukhala ndi miyala iwiri yoyezera m'thumba, waukulu ndi waung'ono, ndipo Miyambo 11:1 imati sikelo yonyenga ndi yonyansa kwa Yehova. Amosi 8 akujambula amalonda opembedza, osunga Sabata, koma mumtima akufunsa kuti litha liti kuti atsegule nkhokwe, achepetse muyeso wa tirigu, akulitse mwala woyezera siliva, agulitse ndi mungu womwe, agule waumphawi ndi nsapato. Mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kapena chimanga kwa mavenda nthawi yokolola akudziwa za sikelo yobera ndi chigoba chofutukuka pogula chimene chimafota pogulitsa. A Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo, koma sangafike pa msika uliwonse wa kumudzi tsiku lililonse. Ena mwa ogwira masikelo amenewa ndi akulu a mpingo ndi oimba kwaya. Munthu wobera mlimi Lachisanu n'kukapereka chakhumi cha phindulo Lamulungu sangadzudzule tebulo la mafuta ndi mtima woyera, pakuti onse awiri akudyera pa kusowa pogwira kwa mnzawo. Mayi woika banyira pa mulu wa usipa, wouza kasitomala kuti nyemba izi ndi za chaka chatha, ali pafupi ndi Yesaya 23:18 kuposa onsewo.

Chomaliza chimene ndimamva ndi chakuti tisakhudze odzozedwa a Mulungu, kapena kuti nkhaniyi tiisiyire boma. Mawu a pa Salimo 105:15 akunena za Mulungu akuchenjeza mafumu kuti asazunze Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali alendo ochepa m'dziko la eni. Sakuletsa Mkhristu kufunsa za mtengo wa botolo, ndipo Mika ndi Amosi, amene anafunsa mafunso oterewa, anali aneneri iwonso. Boma lili ndi gawo lake pamene pali kuba poyera, kapena pamene munthu wauzidwa kuti asiye ma ARV chifukwa wamwa madzi odzozedwa, pakuti pamenepo moyo uli pachiswe ndipo lamulo liyenera kugwira ntchito. Koma sindikufuna kuti nduna ikhale yogamula pemphero loona ndi labodza, chifukwa mphamvu yotereyo ikaperekedwa sibwerera msanga. Ntchito yaikulu ndi ya mipingo yeniyeniyo ndi mabungwe amene imakumaniramo. Akulu a mpingo akhoza kugamula mawa lomwe kuti mafuta odzozera odwala agulidwe kuchokera m'thumba la mpingo monga agulira mkate ndi vinyo za Mgonero, kuti kuonana ndi abusa kusakhale ndi mtengo kapena mzere wapadera wa olipira, ndiponso kuti ndalama za chilichonse chogulitsidwa pabwalo la tchalitchi zilembedwe ndi msungichuma n'kuwerengedwa pamaso pa mpingo wonse pamodzi ndi zopereka zina.